Padua ndi Mwambo Wotumbula Mitembo Pophunzitsa Udokotala

Padua ndi mzinda wa kumpoto chakum'mawa kwa Italy, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Venice. Yunivesite yake inayamba m'chaka cha 1222, pamene aphunzitsi ndi ophunzira ena anasamuka ku Bologna pofuna malo ophunzirirapo mwaufulu. Mumzinda umenewu, kuyambira 1537 mpaka 1771, munakhwima nthambi zitatu za maphunziro zimene wophunzira udokotala aliyense amayamba nazo lero: kapangidwe ka thupi, kagwiridwe ntchito ka ziwalo, ndi mmene matenda amaonongera ziwalozo. Zonse zitatu zinaphuka pa mwambo umodzi, wotumbula mtembo pamaso pa ophunzira kuti adzionere okha zimene zili m'kati.

Chiphunzitso cha Galen

Anthu oyamba odziwika kuti ankatumbula mitembo ya anthu pofuna kuphunzira anali Herophilus ndi Erasistratus, madokotala Achigiriki a ku Alexandria, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Iwo atamwalira mwambowo unazilala ndipo mabuku awo anatayika. Amene mawu ake anatsala n'kulamulira udokotala kwa zaka zoposa 1,300 anali Galen wa ku Pergamon, yemwe anabadwa m'chaka cha 129. Poyamba ankachiza mabala a amuna omenyana ndi malupanga m'mabwalo a masewera, kenako anapita ku Rome kumene anakhala dokotala wa mfumu Marcus Aurelius. M'masiku ake kutumbula munthu sikunkachitika, motero iye ankatumbula apusi, nkhumba, nkhosa ndi ng'ombe.

Zambiri zimene anapeza zinali zoona. Anaonetsa kuti mkodzo umachokera mu impso, kuti m'mitsempha yogunda mumayenda magazi, komanso kuti kudula msana pamalo osiyanasiyana kumapha ziwalo zosiyanasiyana. Koma zinthu zina za m'thupi la nyama zinalowa m'mabuku ake ngati za munthu. Iye ankaphunzitsa kuti chakudya chimasanduka magazi m'chiwindi, magaziwo n'kumwazikira m'thupi lonse kumene amakathera, ngati madzi othirira m'dimba amene akalowa m'nthaka sabwereranso. Ena mwa magaziwo ankati amadutsa kuchoka mbali ya kumanja ya mtima kupita ya kumanzere kudzera m'timabowo tosaoneka. Matenda ankati amabwera pamene madzi anayi a m'thupi, omwe ndi magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, asiya kulingana muyezo. N'chifukwa chake machiritso a nthawi imeneyo anali kucheka mtsempha kuti magazi atuluke, kulumika, kusanzitsa ndi kutsegulitsa m'mimba.

Kutumbula mitembo kunayambiranso ku Bologna kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ndipo buku lolangiza katumbulidwe limene Mondino de Luzzi analemba mu 1316 linagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 200. Mwambowo unkachitika m'nyengo yozizira chifukwa kunalibe mankhwala oumitsira mtembo, ndipo unkatenga masiku angapo. Ankayamba ndi m'mimba, popeza matumbo ndiwo amafulumira kuwola, kenako m'chifuwa, m'mutu, n'kumalizira manja ndi miyendo. Ntchito inkagawidwa patatu. Pulofesa ankakhala pampando wautali n'kumawerenga buku m'Chilatini, wometa tsitsi yemwe ankachekanso zotupa ndiye ankagwira mpeni, ndipo munthu wachitatu ankaloza ndi kamtengo chiwalo chimene chatchulidwa. Wodziwa buku sankakhudza mtembo, ndipo wokhudza mtembo kawirikawiri sankamva Chilatini. Zooneka patebulo zikasiyana ndi zolembedwa, chikayikiro chinkagwera mtembowo.

Vesalius agwira yekha mpeni

Padua inalowa mu ulamuliro wa Venice m'chaka cha 1405. Atsogoleri a Venice anali amalonda, ndipo yunivesite ankaiona ngati chuma cha boma. Ankaitana aphunzitsi ochokera kunja, ndipo ankalola Ayuda, kenako Apulotesitanti, kudzaphunzira pa nthawi imene mayunivesite ambiri ankawakana. Ku Venice komweko kunalinso makina ambiri osindikizira mabuku, akatswiri ojambula, ndi amisiri osema zithunzi pamatabwa osindikizira.

Andreas Vesalius anabadwira ku Brussels mu 1514, m'banja la madokotala ndi osakaniza mankhwala. Anaphunzira ku Paris ndi ku Leuven, kumene ankatola mafupa kumanda ndi kumalo onyongera anthu. Mu Disembala 1537 analandira digiri ya udokotala ku Padua, ndipo nthawi yomweyo anapatsidwa ntchito yophunzitsa maopaleshoni ndi kapangidwe ka thupi, asanakwanitse zaka 23. Iye anatsika pampando wautali uja. Ankatumbula yekha, kuloza yekha ndi kufotokoza yekha, ophunzira atamuunjirira, mafupa a munthu olumikizidwa ataimikidwa pambali, ndipo nthawi zambiri pankakhalanso galu kapena pusi woti afanizire. Woweruza milandu wa mumzindamo, Marcantonio Contarini, ankamupatsa mitembo ya anthu onyongedwa. Kuchuluka kwa mitemboyo kunamuthandiza kusiyanitsa chimene chimapezeka mwa munthu aliyense ndi chimene changopezeka mwa mmodzi.

Poika mafupa a pusi pafupi ndi a munthu, Vesalius anazindikira kuti Galen ankafotokoza nyama. Nsagwada ya m'munsi ya munthu wamkulu ndi fupa limodzi, pamene Galen analemba kuti ndi awiri, monga zilili mwa galu. Fupa la pachifuwa, pamene nthiti zimakumana, lili ndi zigawo zitatu, pamene mabuku ankati zisanu ndi ziwiri. Ukonde wa timitsempha ta magazi umene ankati uli pansi pa ubongo umapezeka mwa nkhosa ndi ng'ombe, mwa munthu mulibe. Anatsimikiziranso kuti mwamuna ndi mkazi ali ndi nthiti zofanana chiwerengero.

Zimene anapezazi anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa De humani corporis fabrica, kutanthauza mamangidwe a thupi la munthu, lomwe Johannes Oporinus anasindikiza ku Basel mu 1543. Lili ndi masamba oposa 600 ndi magawo asanu ndi awiri: mafupa, minofu, mitsempha ya magazi, mitsempha ya ubongo, ziwalo za m'mimba, mtima ndi mapapo, ndiponso ubongo. Matabwa a zithunzi zake anasemedwa ku Venice n'kunyamulidwa kudutsa mapiri a Alps. Zithunzi za minofu zimaonetsa munthu wosendedwa khungu ataima panja, kumbuyo kwake kukuoneka mapiri a pafupi ndi Padua. Tsamba lililonse likuchotsa minofu ya pamwamba kuti ya pansi ioneke, mpaka atatsala mafupa okha, ndipo mnofu uliwonse uli ndi chilembo cholozera kumene wafotokozedwa. Wophunzira ankatha kuika bukulo pambali pa mtembo n'kuona yekha ngati wolembayo wanena zoona.

Otsutsa sanachedwe. Mphunzitsi wake wa ku Paris, Jacobus Sylvius, ananena kuti Galen sakanalakwa, ndipo ngati pali kusiyana ndiye kuti thupi la munthu lasintha kuyambira nthawi ya makolo. Vesalius anasiya kuphunzitsa n'kukhala dokotala wa mfumu Charles V. Posindikizanso bukulo mu 1555 analemba momveka kuti khoma la pakati pa mtima ndi lochindikala ndipo iye sakuona pamene magazi angadutse. Anamwalira mu 1564 pachilumba cha Zakynthos akuchokera ku Jerusalem.

Chipinda cha Fabricius

Amene analowa m'malo mwake ku Padua, Realdo Colombo, ankatsegula zifuwa za nyama zamoyo, ndipo m'buku lake la 1559 anafotokoza kuti magazi amachoka mbali ya kumanja ya mtima, n'kudutsa m'mapapo, n'kubwerera mbali ya kumanzere. Dokotala wina wa ku Cairo, Ibn al-Nafis, anali atalemba kale zimenezi m'Chiarabu zaka 300 m'mbuyomo, koma madokotala ambiri a ku Ulaya sankazidziwa. Gabriele Falloppio, m'buku lake la 1561, anafotokoza za m'kati mwa khutu ndi machubu awiri amene dzira limadutsamo popita m'chiberekero, omwe mpaka lero madokotala amawatchula ndi dzina lake. Wophunzira wake, Hieronymus Fabricius, anatenga mpando wa uphunzitsi ku Padua mu 1565 n'kuphunzitsa kwa zaka pafupifupi 50.

Kufikira nthawi imeneyo ankakhoma nsanja zamatabwa nyengo yotumbula ikafika, n'kuzigwetsa ikatha. Mu nthawi ya Fabricius anamanga chipinda chokhazikika m'nyumba yaikulu ya yunivesite yotchedwa Palazzo Bo, ndipo chinatsegulidwa mu Januwale 1595. Chipindacho ndi chathabwa, chotambalala pamwamba n'kumachepa chotsika ngati fanulo. Chili ndi makhonde asanu ndi limodzi osanjikizana, ozungulira tebulo limodzi limene lili pansi penipeni. Makhondewo ndi opanikiza kwambiri moti munalibe mipando. Anthu oposa 200 ankaima chilili atatsamira zotchinga zosemedwa, aliyense maso ali pansi, ndipo ngakhale wa pakhonde la pamwamba sankatalikirana kwambiri ndi manja a mphunzitsi. Kuwala kunkachokera ku makandulo. M'makhonde a m'munsi munkaima akuluakulu a mzinda ndi a yunivesite, ophunzira wamba m'mwamba. Mitembo inali ya anthu onyongedwa, makamaka alendo opanda abale mumzindamo, ndipo ikasowa ophunzira ena ankafukula manda usiku. Nzeru zambiri za m'chipindamo zinachokera m'matupi a anthu osauka amene sanafunsidwe.

Fabricius anafufuza mmene mwanapiye amakulira m'dzira, ndipo anafotokoza kathumba kena ka kumapeto kwa matumbo a mbalame. Patapita zaka zoposa 300 kathumbako kanadziwika kuti ndi kumene kumakhwimira maselo opanga chitetezo cha thupi, ndipo maselo otchedwa B anatenga chilembo chawo ku dzina lake la Chilatini, bursa. Mu 1603 anasindikiza buku la zithunzi za tizitseko tating'ono, kapena kuti mavavu, ta m'mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo. Anatijambula molondola, koma potsatira Galen anaganiza kuti ntchito yake ndi kuchedwetsa magazi ochokera kuchiwindi kuti asakaunjikane kumapazi.

Sikelo, masamu ndi kuzungulira kwa magazi

Galileo Galilei ankaphunzitsa masamu pa yunivesite yomweyo kuyambira 1592 mpaka 1610, ndipo chizolowezi choyeza zinthu ndi manambala chinalowerera kwa madokotala. Santorio Santorio, pulofesa wa udokotala kuyambira 1611, anapanga mpando wolendewera pa sikelo yaikulu. Kwa zaka pafupifupi 30 ankayeza kulemera kwake, kwa chakudya ndi chakumwa chake, ndi kwa zonse zotuluka m'thupi mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamapeto pake anapeza kuti zolowa zimalemera kuposa mkodzo ndi chimbudzi, ndipo gawo lotsalalo limachoka mosaoneka kudzera pakhungu ndi mu mpweya wopuma. Anapanganso chipangizo choyezera kugunda kwa mtsempha pogwiritsa ntchito chingwe cholendewera, ndipo anali mmodzi wa oyamba kuyeza kutentha kwa thupi ndi chipangizo chokhala ndi mizere ya muyezo.

William Harvey, Mngelezi wobadwira ku Folkestone mu 1578, anaphunzira kwa Fabricius ndipo analandira digiri yake ku Padua mu 1602. Atabwerera ku London anagwira ntchito pachipatala cha St Bartholomew, uku akutumbula nyama zamitundumitundu. Ankakonda njoka, achule ndi nsomba chifukwa mitima yawo imagunda pang'onopang'ono moti diso limatha kutsatira. Anaona kuti ntchito yeniyeni ya mtima ndi kufinyika, ndipo ukafinyika umakankhira magazi m'mitsempha ikuluikulu, yomwe imagunda chifukwa cha kukankhako. Kenako anawerengera. Ngakhale atatenga muyezo wochepa kwambiri wa magazi otuluka pa kugunda kumodzi, magazi odutsa mumtima pa theka la ola ankaposa onse a m'thupi. Pa miyezo ya masiku ano, mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umatulutsa mamililita pafupifupi 70 pa kugunda kulikonse ndipo umagunda maulendo pafupifupi 70 pa mphindi. Amenewa ndi malita pafupifupi 5 pa mphindi, malita oposa 7,000 pa tsiku, pamene thupi lonse lili ndi malita 5 okha. Palibe chiwindi chimene chingapange magazi ochuluka chonchi kuchokera ku chakudya. Magazi ndi omwewo, amangozungulira.

Umboni wina ndi woti aliyense angauone pamkono, monga zimakhalira namwino akamanga mkono asanatenge magazi. Harvey ankamanga mkono pamwamba pa chigongono mosathinitsa kwambiri. Mitsempha ya m'munsi mwa chomangiracho inkatupa, ndipo pamalo a mavavu pankaoneka timfundo. Akatsindika mtsempha ndi chala chimodzi, n'kukankha magazi ndi chala china chokwera mpaka kupitirira kamfundo, chigawo chapakaticho chinkatsala chopanda magazi, chifukwa vavu inkawakaniza kubwerera. Akachotsa chala cha m'munsi, mtsempha unkadzaza nthawi yomweyo kuchokera kudzanja. Tizitseko ta mphunzitsi wake tinkatsegukira kumtima kokha. Kabuku kake ka masamba 72, De motu cordis, kanasindikizidwa ku Frankfurt mu 1628. Chimene sanathe kuona ndi polumikizana mitsempha yochoka kumtima ndi yobwerera. Timitsempha tating'onoting'ono timeneti anationa Marcello Malpighi ku Bologna mu 1661, poyang'ana mapapo a chule pa maikulosikopu, patatha zaka zinayi Harvey atamwalira.

Morgagni ndi malo okhala matenda

Ngakhale thupi linali litadziwika chonchi, pa bedi la wodwala madokotala ankalankhulabe za madzi anayi a Galen. Ku Padua mwambo wophunzitsira pambali pa wodwala unayamba m'zaka za m'ma 1540, pamene Giovanni Battista da Monte ankatenga ophunzira kupita nawo kuchipatala cha San Francesco. Amene analumikiza mokwanira bedi la wodwala ndi tebulo lotumbulira anali Giovanni Battista Morgagni. Iye anabadwira ku Forlì mu 1682, anaphunzira ku Bologna kwa Antonio Maria Valsalva, ndipo anakhala pulofesa wa kapangidwe ka thupi ku Padua kuyambira 1715 mpaka imfa yake mu 1771.

Buku lake lalikulu, De sedibus et causis morborum, lonena za malo ndi magwero a matenda, linatuluka mu 1761 iye ali ndi zaka 79. Linalembedwa ngati makalata 70 ofotokoza odwala pafupifupi 700, ena ake ena a Valsalva, osanjidwa kuyambira matenda a m'mutu, a m'chifuwa, a m'mimba, mpaka a thupi lonse. Nkhani iliyonse imayenda mofanana. Imayamba ndi msinkhu wa wodwala, ntchito yake, kadyedwe ndi kamwedwe kake, imatsata zizindikiro tsiku ndi tsiku mpaka imfa, kenako imafotokoza zimene zinapezeka atatsegula mtembo, n'kuyerekeza ndi odwala ena ofanana naye. Muli ansembe, antchito a m'nyumba, osoka nsapato, asilikali ndi opemphapempha.

Mwa njira imeneyi zizindikiro zinayamba kupeza kwawo. Munthu amene anagwa mwadzidzidzi n'kufa ziwalo za kumanja ankapezeka ndi magazi otayika kapena chilonda mbali ya kumanzere ya ubongo, chifukwa mitsempha yolamulira minofu imapingasana isanatsikire mumsana. Wofa ndi chibayo mapapo ake ankapezeka olimba ndi olemera ngati chiwindi, popeza timatumba ta mpweya tadzaza madzi ndi mafinya, ndipo n'chifukwa chake ankabanika. Ena amene ankapuma movutikira ndi kutupa miyendo ankapezeka ndi mavavu a mtima ouma ndi opanikiza. Apa chiphunzitso cha Harvey chinkamasulira zonse, pakuti magazi akalephera kudutsa amaunjikana kumbuyo, madzi n'kutsikira m'mapapo ndi m'miyendo. Anafotokozanso kufufuma kwa mtsempha waukulu wochoka kumtima mwa anthu amene anadwalapo chindoko, ndiponso odwala amene ankakomoka pafupipafupi mtima wawo ukugunda mochedwa kwambiri. Mitembo ya ofa ndi chifuwa chachikulu ankaipewa poopa kutenga matendawo.

Kufalikira kwa njira ya ku Padua

Boma la Venice linagwa mu 1797 pofika asilikali a Napoleon, ndipo kutchuka pa udokotala kunasamukira ku Paris, Vienna ndi Berlin. Kumeneko funso la Morgagni linalowa m'kati kwambiri. Xavier Bichat wa ku Paris anaonetsa cha m'ma 1800 kuti matenda amagwira mitundu ya minofu ndi nembanemba zimene zimapanga chiwalo, ndipo anaiwerenga mitunduyo kukhala 21. René Laennec anapanga chipangizo chomvetsera m'chifuwa mu 1816, kuti dokotala azimva mwa munthu wamoyo zimene kale zinkaoneka atamwalira. Mu 1858 Rudolf Virchow wa ku Berlin anaphunzitsa kuti matenda amayambira m'maselo.

Njira yoyerekeza zizindikiro za wodwala ndi zopezeka mu mtembo ikugwirabe ntchito. Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, ofufuza anapima mitembo ya ana amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, makolo awo atavomereza. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2004 zinaonetsa kuti mwa ana 31, ana 7 anamwalira ndi matenda ena ngakhale kuti anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Mwa otsalawo, maselo ofiira okhala ndi tizilombo anali atamatirira m'timitsempha ta mu ubongo. Kafukufukuyo anasonyezanso kuti kuunika m'kati mwa diso kumathandiza kusiyanitsa magulu awiriwa mwana akadali moyo.

Chimene chinasintha kwambiri ndi kapezedwe ka mitembo. M'mayiko ambiri lero lamulo limafuna chilolezo cha mwini thupi asanamwalire, kapena cha abale ake, ndipo mankhwala oumitsira amalola ophunzira kutumbula mtembo umodzi pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Chipinda cha Fabricius chinagwiritsidwa ntchito mpaka 1872, pamene maphunzirowa anasamukira kunyumba zina. Chikadalipo m'Palazzo Bo ndi makhonde ake asanu ndi limodzi, ndipo ndicho chakale kwambiri padziko lonse mwa zipinda zokhazikika zophunzitsiramo kapangidwe ka thupi zimene zatsala.